Mawu Awiri a Evaristo Mengoni

Evaristo Mengoni anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga Zelinda. Tinakulira mumsewu umodzi kuno ku Staffolo, iye mwana wa mlimi wa mphesa, ine mwana wa wokhoma migolo ya vinyo, ntchito yomwe ndakalamba nayo. Tonse tinalowa kwaya ya patchalitchi pathu ndevu zitangoyamba kumera. Ine anandiika ku besi tsiku loyamba lomwelo, ndipo ndakhala komweko zaka makumi asanu ndi limodzi popanda wondifunsa kanthu. Evaristo anamuika ku tenala, koma mwezi usanathe a Gaudenzio anamuitana kunyumba kwawo.

A Gaudenzio ndiwo ankaphunzitsa kwaya. Anali nkhalamba yaitali, yopanda ndevu, ya mawu ngati a mzimayi. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa ngakhale sitinkachitchula: anawafula ali mwana, monga ankachitira kale, kuti mawu awo asasinthe. Anaimba m'tchalitchi chachikulu cha ku Loreto zaka zambiri, ndipo atatopa anabwera kudzakhala kwa abale awo kuno. Ife ena ankangotiphunzitsa kulowa pamodzi ndi kutuluka pamodzi. Evaristo yekha ndiye anamutenga ngati mwana wawo.

Chaka chonse choyamba sanamulole kuimba nyimbo ndi imodzi yomwe. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankaima m'chipinda chawo, kandulo yoyaka pafupi ndi kamwa, n'kukoka liwu limodzi lokha. Ankaliyamba pang'ono ngati kulira kwa udzudzu, n'kulikuza mpaka lidzaze chipinda, kenako n'kulibweza pang'onopang'ono mpaka lizimiririke. Lawi likangogwedezeka, ayambirenso. Ine ndinkamufunsa ngati akuphunzira kuimba kapena kuziziritsa msuzi. Iye ankandiyankha kuti ng'ombe ngati ine siifunika sukulu.

Zomwe ankamva kumeneko ankandiuza tikamapita kukwaya. A Gaudenzio ankati mwamuna aliyense ali ndi mawu awiri. A m'chifuwa ndi omwe timayankhulira, timatukwanira ndi kuitanira ziweto. A m'mutu ndi opyapyala aja amatuluka munthu akamanyengerera khanda. Pakati pa awiriwo pali malo pomwe mawu amathyoka, ndipo ntchito yonse ya woimba ndi kusoka awiriwo mpaka msoko usaoneke. Pokwera uzipeputsa a m'chifuwa usanafike pamsokopo, potsika uzilimbitsa a m'mutu usanawasiye. Liwu lapamwamba penipeni ankati si lolowa mothyola chitseko. "Ndi nyumba ya eni ake," ankatero, "uzifika ndi odi."

Zinamutengera zaka zisanu ndi ziwiri. Pansi pa zenera la a Gaudenzio panali mwala wochapirapo zovala, ndipo amayi athu anayamba kudabwa kuti Zelinda, yemwe ankadana ndi kuchapa, wayamba kupita ndi malaya oyera kale. Evaristo ndi Zelinda anakwatirana chaka chomwe a Gaudenzio anamwalira, cha 1829. Pamaliropo Evaristo anaimba yekha, ndipo munthu wina wa ku Jesi amene anali ndi gulu la zisudzo zoimba anamumva n'kumulemba ntchito.

Kwa zaka khumi ankayenda ndi gululo m'matauni a kuno kwathu, ku Jesi, ku Macerata, ku Fermo. Sanali wotchuka woti mpaka ku Milano amudziwe, ayi. Koma ankadya za mawu ake, Zelinda akumusokera zovala za pabwalo, ndipo mwana wawo Nerina anabadwira m'nyumba ya alendo ku Fermo. Ine ndinamumva kawiri kokha m'zaka zimenezo, koyamba ku Jesi, poti migolo siidikira munthu. Ankasewera mnyamata wokanidwa ndi mkazi. Mawu ankayambira pansi, amphamvu, aamuna, ndiye ankangokwera, ukuyembekeza kuti apa ndiye athyoka, koma osathyoka. Umangozindikira kuti afika kale pamwamba, ofewa, owala, ndipo wakhala osapuma kwa kanthawi. Amayi ena pafupi nane ankapukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Kenako zinthu zinatembenuka. Kunabwera mbiri yoti m'mizinda ikuluikulu atenala ayamba kukwera ndi mawu a m'chifuwa mpaka pamwamba penipeni, osasintha, mitsempha ili gwaa m'khosi, ndipo anthu akumaimirira pamipando ndi chisangalalo. Evaristo ankangoseka. Ankati nkhumba ikamaphedwa nayonso imafika pamenepo.

M'chilimwe cha 1839 gulu lawo linapita ku msika waukulu wa ku Senigallia. Inenso ndinali komweko kugulitsa migolo. Pokonzekera masana, mwini gulu anatengera Evaristo pambali n'kumupempha kuti liwu lomaliza la nyimbo yake yaikulu alitulutse ndi chifuwa, chifukwa amalonda ochokera kutali anali atamva kale kaimbidwe katsopanoko. Evaristo anakana mwaulemu. Anati amene analemba nyimboyo sanalembere liwulo m'chifuwa, ndipo iye sanaphunzitsidwe kukuwa.

Anaimba monga mwa masiku onse, ndipo kwa ine sanaimbepo bwino kuposa tsiku limenelo. Atafika pamwamba n'kuyamba kulifewetsa liwu lija, wina m'mipando ya pamwamba analira ngati tambala. Anthu anaseka. Wina anakuwa kuti, "Mfule!" ndipo kuseka kunafalikira nyumba yonse. Evaristo anamaliza nyimboyo, anawerama, natuluka. Ine ndinakwera makwerero kukafuna munthuyo, koma unali unyinji, aliyense akuloza mnzake. Sabata isanathe mwini gulu anabweretsa tenala wina wa ku Bologna, wa khosi ngati la nkhunzi, ndipo mlamu wanga anabwerera kumudzi ndi mkazi ndi mwana pa ngolo yanga, pakati pa migolo yotsala.

Chomwe chinamupweteka kwambiri sichinali ntchito. Anandiuza panjira kuti mawu a chipongwe aja sanali onena iye yekha, anali onenanso a Gaudenzio, munthu woti ali m'manda sangadziyankhire. Ndinaganiza kuti ndiye aumirira kaimbidwe kake. Koma anachita zosiyana ndi zimenezo.

Nyengo yozizira yonse ankatsikira m'chipinda changa chosungira matabwa n'kudzitsekera. Ankakankha mawu a m'chifuwa kudutsa pamsoko paja, lero pang'ono, mawa pang'ono. Tinkamumva kuchokera pamsewu. Tsiku lina Zelinda anabwera ndi buledi ndi nyemba za nkhomaliro, anaima pakhomo kumvetsera, kenako anagogoda mpaka atsegule.

"Bambo a Nerina, mawu amenewa si anu. Mukumveka ngati munthu woti wapondedwa ndi ngolo."

"Ndi omwe anthu akufuna."

"Anthu ake ati? Ine sindine munthu?"

"Iwe sugula tikiti," anatero Evaristo, akuyesa kuseka. Zelinda anaika mbale pansi n'kubwerera. Inenso ndinayesa kumulangiza, koma anandiuza kuti ndisamale za migolo.

Liwulo analifikadi. Pofika chikondwerero cha nthawi ya Lenti isanayambe anali akulitulutsa ndi chifuwa, lalikulu, logonthetsa m'khutu. Gulu lina laling'ono linamutenga, ndipo ku Osimo anthu anamuombera m'manja kuposa mmene anamuomberapo moyo wake wonse. Anabwera kudzandiuza nkhope ili gwa, ngati munthu amene wapambana mlandu kwa m'bale wake. Anaimba choncho miyezi itatu. Mwezi wachinayi mawu anayamba kusasa, ndipo tsiku lina pokonzekera, pakati penipeni pa nyimbo, panangotuluka mpweya.

Dokotala wa ku Ancona anamuuza kuti amwe uchi ndi madzi ofunda, asayankhule masiku makumi anayi. Anamvera, ankangolemba pa kathabwa ndi choko. Atatha masikuwo tinakhala naye kukhitchini, ine, Zelinda ndi Nerina, iye n'kuyesa kukwera pang'onopang'ono monga ankachitira kwa a Gaudenzio. Mawu a m'chifuwa analipo. A m'mutu analiponso, opyapyala koma okoma. Koma pakati pawo, pomwe anasoka zaka zisanu ndi ziwiri, panali dzenje la masitepe atatu a nyimbo pomwe sipankatuluka kanthu. Anayesa katatu. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndili ndi malo a munthu wopala matabwa. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.

Tinagwira ntchito limodzi kuyambira pamenepo. Anali mmisiri wosamala, wochedwa, ndipo mgolo wake sunkadontha. Akamapala thabwa ndinkaona kholingo lake likukwera ndi kutsika, milomo ili yotseka, ndiye ndinkadziwa kuti mkati akuimba. Sindinkamusokoneza. Kutchalitchi anakana kuimanso ku tenala, koma Bambo Mfumu anamunyengerera kuti aziphunzitsa kwaya.

Kunyumba kokha ndiko ankaimba, ndipo njira yake anaipeza ndi Zelinda. Mlongo wanga analibe mawu odabwitsa, koma khutu anali nalo. Lamulungu tikatha kudya, Evaristo ankayamba nyimbo ina ya masiku ake, n'kukwera mpaka m'mphepete mwa dzenje lija. Pamenepo Zelinda ankalandira, osasiya kutsuka mbale, n'kuimba masitepe atatuwo, iye n'kulandiranso pamwamba ndi mawu a m'mutu. Poyamba tinkaseka. Patapita zaka anazolowerana moti mlendo akanakhala panja akanaganiza kuti akuimba ndi munthu mmodzi. Zelinda ankamunena kuti popanda iye ndi mlatho wopanda thabwa la pakati, Evaristo ankayankha kuti thabwalo limalowa mochedwa.

Zelinda anamwalira ndi nthenda ya m'chifuwa m'chaka cha 1855. Nerina anali atakwatiwa kale ku Jesi. Kuchokera apo m'nyumba muja simunamvekenso nyimbo yathunthu. Nthawi zina podutsa ndinkamva Evaristo akuyamba, kukwera, kenako zii kwa kanthawi kofanana ndi masitepe atatu, ndiye n'kupitiriza pamwamba. Ndinkafulumiza miyendo.

Ofuna kuphunzira ankabwera, poti mbiri yoti anaimbapo m'zisudzo inalipobe. Ankawayatsira kandulo n'kuwapatsa liwu limodzi. Pakatha masabata awiri ankafunsa kuti kodi liwu lalikulu lija afika liti. Iye ankawauza kuti abwere mawa, ndipo ambiri sankabwera. Mmodzi, mwana wa wogulitsa mankhwala, anamuuza pamaso kuti kaimbidwe kake n'ka agogo. Evaristo anavomera kuti n'zoona, namutsegulira chitseko. Kwa ine ankadandaula chinthu chimodzi: kuti papita zaka zambiri osamva mwamuna akuimba mwa njira ija, moti wayamba kukayika ngati inalidi yokoma, kapena ndi ukalamba chabe ukumunamiza.

Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi pamene Settimio Gagliardini anayamba kutinyamulira migolo. Settimio anali bambo wa ana anayi, wa ngolo ya abulu awiri, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Tsiku lina m'mawa ankakwera chitunda cha kuchipata cha mudzi wathu ndi katundu wolemera, akulimbikitsa abulu ake ndi kanyimbo kopanda mawu enieni. Kankayambira pansi n'kukwera mpaka kumwamba, mopepuka, kosathyoka kwenikweni. Evaristo anasiya nyundo pa mgolo n'kutuluka mumsewu atavala chikopa cha ntchito. Anaimitsa ngolo pakati pa chitunda, abulu akubwerera m'mbuyo.

"Tabwerezani zomwe mumaimba zija."

"Ziti, bambo? Ine ndimangoyankhula ndi abuluwa."

"Zomwezo. Anakuphunzitsani ndani kukwera choncho?"

"Palibe. Ndikakuwa amaima, ndikawanyengerera amayenda. Ndalakwa kodi?"

Evaristo anamupempha kuti azibwera kudzaphunzira. Settimio anaseka, nati iye ndi wamkulu kale, ana anayi sadya nyimbo, ndipo abulu sanadandaulepo za maimbidwe ake. Mlamu wanga sanamusiye. Anamutsatira kwawo, anayankhula ndi mkazi wake, mpaka anagwirizana kuti aziphunzira masana pa nthawi yomwe abulu akudya, m'nyumba yanga ya ntchito, ndipo nkhomaliro izikhala ya Evaristo.

Zinali zovuta kuonera. Mphunzitsi sankatha kusonyeza chinthu chenichenicho chomwe ankaphunzitsa. Ankaimba pansi, ankaimba pamwamba, koma pofika pamsoko ankangokweza dzanja pang'onopang'ono, maso ali pa Settimio ngati wopempha. Nthawi zina ankamugwira pakhosi ndi zala ziwiri, nthawi zina pamimba. Ankakangana. Settimio ankati kandulo ndi yowonera, osati yoimbira. Evaristo ankamutcha bulu wachitatu. Kawiri konse Settimio anasiya, kawiri konse anabwerera yekha, akunamizira kuti wabwera kudzafunsa za migolo. Ine ndinkakhala pakona ndi polenta yanga, nsima yathu ya kuno, ndipo ndikayesa kuikapo ndemanga onse awiri ankandiuza kuti besi alibe mawu pankhaniyi.

Patatha zaka zinayi, pa Lachisanu Loyera la 1871, Evaristo anamuimika kutsogolo kuti aimbe yekha nyimbo ya maliro ya masana a tsikulo. Settimio anabwereka jekete langa, manja ake akutulukira kutali. Atayamba kukwera n'kulowa m'mawu a m'mutu, anyamata ena kumbuyo anagwedezana ndi zigongono. Koma iye sanawaone, anali atatseka maso. Anafika pamwamba mwakachetechete, analikuza liwulo mpaka linadzaza tchalitchi, n'kulibweza mpaka sitinadziwe pomwe lathera. Kumbuyo kuja kunali zii. Evaristo anali ataima pafupi nane, ndipo anandigwira mkono mwamphamvu moti mawa lake panali chizindikiro.

Titatuluka, anauza Settimio kuti anakweza mapewa pang'ono popuma, asadzachitenso. Settimio atapita kwa mkazi wake, ife tinakhala pa khoma la kuseri kwa tchalitchi, loyang'ana kuchigwa.

"Alamu," anatero Evaristo, "ndiye kuti sindinkadzinamiza. Zinkamveka chonchi ndithu."

"Zinkaposa apa," ndinamuuza.

"Musandinamize."

"Ndinalipo ku Jesi."

Anapukuta kumaso ndi chipewa, nati Zelinda akanamva akanati mnyamatayu amalowa msanga.

Zaka zitatu zotsatira zinali zabwino kwa iye. Settimio ankaimba pa masiku akuluakulu onse, anthu a m'midzi yapafupi ankabwera kudzamumva, ena kudzaseka, ambiri n'kubwerera osaseka. Evaristo anayamba kumuphunzitsa nyimbo za masiku ake a zisudzo, imodziimodzi, ngati munthu amene akusamutsa katundu m'nyumba yodontha. Anali atafika mwina theka la zomwe ankadziwa pamene matalala anawononga mphesa zaka ziwiri zotsatizana. Vinyo kunalibe, migolo yonyamula kunalibe. Mchimwene wa mkazi wa Settimio analemba kuchokera ku Argentina kuti kumeneko minda ndi yongotola. Settimio anagulitsa ngolo ndi abulu.

Anabwera kudzatsanzika m'mawa, banja lonse litavala zovala za Lamulungu. Ankaopa kuyang'ana mphunzitsi wake kumaso. Evaristo sanamuletse. Anamuuza kuti ana ndiwo oyamba, namupatsa mpango wa ubweya woti azikulunga pakhosi m'sitima. Anamufunsanso ngati angaimbe kamodzi asanapite, koma Settimio atatsegula pakamwa mawu anakana, anangoti, "Pepani bambo, lero sizitheka." Anagwirana manja nthawi yaitali. Tinawaperekeza mpaka pachipata.

Kalata inabwera patatha zaka ziwiri, yolembedwa ndi wansembe wa kumeneko. Maso a Evaristo anali atafooka, ndiye ndinamuwerengera ine. Inkati onse ali moyo, mwana wachisanu wabadwa, tirigu akuchita bwino koma dziko ndi lafulati moti munthu amasowa poyang'ana. Inkatinso Settimio amaimba m'katchalitchi ka malata, anthu akumeneko amati amaimba ngati mzimayi, koma pa maliro alionse amamutumira uthenga kuti abwere. Kumapeto anafunsa mawu a ndime yachiwiri ya nyimbo ina yomwe anali asanaimalize kuphunzira.

Evaristo anandiuza kuti ndiwerengenso, kenako kachitatu. Tsiku lomwelo anandikhazika pansi ndi pepala. Yankho lake linatitengera sabata, masamba asanu ndi limodzi: mawu a nyimboyo, popumira, poyambira kupeputsa, ndi pempho loti wansembeyo azimuwerengera pang'onopang'ono. Anawonjezera kuti ngati mwa ana ake muli wa khutu labwino, asamufulumizitse. Za iye mwini analembetsa mzere umodzi, woti ali bwino ndipo akudikira kumva mmene ndimeyo yakhalira.

Ngolo ya makalata imafika kuno Lachinayi masana. Kuyambira mwezi wachitatu titatumiza, Evaristo ankavala jekete n'kupita kukakhala pa benchi ya pabwalo kuidikira. Wamakalata anafika pomuzolowera, ankangomupukusira mutu ali patali. Miyendo itayamba kukana ankatuma ine, ndipo ndikabwera ankandiyang'ana m'manja ndisanalowe n'komwe. Ankapeza yekha zifukwa: mwina wansembe uja anasamutsidwa, mwina asamukira dera lina, mwina ndi nthawi yokolola. Sanamunenepo Settimio choipa.

Evaristo anamwalira mu Novembala wa 1879, Nerina ali pambali pake. Pamaliro ake kwaya inaimba bwino monga imathera, atenala akukankha ndi chifuwa poti ndi momwe aliyense amaimbira tsopano. Ine ndinalembanso ku Argentina kuwadziwitsa. Mpaka lero yankho silinabwere, ndipo sindidziwa ngati Settimio ali moyo. Lachinayi ndimapitabe pabwalo miyendo ikalola. Wamakalata wa masiku ano ndi wachilendo, amaganiza kuti ndimangowothera dzuwa.